Madala a pa Nchalo amene anandichotsera tapu yothyokera mu crankshaft

Amene muli ndi magalimoto a dizilo kuno ku chigwa, kaya ndi ku Chikwawa, Ngabu, Bangula mpaka Nsanje boma, ndati ndikuuzeni za kagalaja kena pa Nchalo, kali kuseri kwa mashopu mukapatuka pa M1, kalibe ndi chikwangwani chomwe koma ntchito ya madala a pamenepo ndi yoti anthu aidziwe.

Pickup yanga yonyamulira mbuzi ndi thonje inkasinthidwa clutch, ndiye mnyamata amene ankagwira ntchitoyo anapeza kuti bowo limodzi la mu crankshaft, chitsulo chachikulu chozungulira mkati mwa injini, lolowa bauti ya flywheel, chigudumu chachitsulo chimene clutch imamangidwapo, mathiredi ake atha. Anatenga tapu, kachitsulo kodulira mathiredi kaja, kuti akonze, koma anaikakamiza youma yopanda oilo osaibwezako m'mbuyo, kungomva kuti thyo! yathyokera mkati mwa crankshaft, kotsala kongosuzumira pang'ono basi. Aliyense amene anabwera kudzaona ankangoti bwana apa tsitsani injini mukwere nayo Thabwa mukaione ku Blantyre, ena akuti gulani crankshaft ina. Ndalama imeneyo nthawi ino ndikanaitenga kuti?

Nditapita nayo galimoto kwa madala a pa Nchalo aja, chimene chinandigwira mtima choyamba ndi choti madalawa sanathamangire dirilo. Anawunika ndi tochi, anagogoda pang'ono, kenako anati "achimwene, mwachita bwino osalola munthu kuboola apa." Anandifotokozera kuti tapu imapangidwa ndi chitsulo cha HSS cholimbitsidwa kwambiri, chofanana ndi cha biti ya dirilo yomweyo, ndiye biti wamba singaidye, imangotsetsereka n'kuyamba kudya chitsulo cha crankshaft cha m'mbali chimene chili chofewerapo, bowo n'kukhala lopotoka, pamenepo ndiye mwaononga zenizeni. Kulimba komweko ndi kumene kumaipangitsa kuthyoka ngati galasi ikangopindika pang'ono. Ndipo ananeneratu poyera kuti ayesa koma sakulonjeza, zikakanika andiuza kuti ndipite kwa amene ali ndi makina a EDM, aja amadya chitsulo cholimba ndi timoto ta magetsi osakhudza mathiredi, iwo alibe. Makaniko wonena zimene sangathe asanalandire ndalama yako ndi wosowa kuno, tisanamizane.

Anayamba ndi kupopera mpweya m'timipata ta tapu kuti tizidutswa tachitsulo tituluke, poti n'timeneto timaigwira, anathira mafuta ofewetsa dzimbiri n'kusiya usiku wonse. Mawa lake anayesa kuigogoda mobweza ndi kapanchi kakang'ono, sinasunthe. Ndiye anapita ku welding, ndipo apa ndi pamene ndinaona kuti munthuyu ntchito amaidziwa. Anachotsa kaye mawaya a batire. Waya wa earth anaumanga pa crankshaft pomwepo pafupi ndi bowolo, osati pa bodi ya galimoto ngati mmene ambiri amachitira, akuti magetsi akadutsa m'ma bearing amaotcha timadontho ndipo injini imadzayamba kugogoda patsogolo iwe osadziwa chinayambitsa. Pozungulira anakulunga sanza zonyowa kuti oil seal ya kumbuyo isapse. Anaika washa pamwamba pa chidutswacho, kuwotcherera ndi rodi ya stainless, kenako nati pamwamba pa washa, n'kukhala pansi kudikira kuti zizizire zokha. Ine mtima uli m'mwamba, dzuwa la Nchalo likuswa mtengo, iwo phee akumwa madzi.

Nati yoyamba inadukira m'manja. Sanakwiye, anawotchereranso ina, ulendo uno sipanala akuigwedeza uku ndi uku pang'onopang'ono osaizungulitsa kamodzi, mpaka inayamba kuyenda, chidutswa chachikulu chinatuluka. Kansonga kanatsalira pansi pa bowo, kameneko anakapala pakati ndi kabiti ka carbide, kolimba kuposa HSS, mpaka mano ake anagwera mkati, n'kumatola ndi maginito ndi kawaya. Ntchito ya maola ambiri, atagona chagada pa katoni pansi pa galimoto.

Kudula mathiredi atsopano anandiitana kuti ndione. Tapu yatsopano, oilo wambiri, kupotoza theka kutsogolo n'kubweza pang'ono kuti zinyalala ziduke, kutulutsa, kupukuta, kulowetsanso. Anati matapu amabwera atatu pa seti ndipo sizongokongoletsa, woyamba wosongoka ndi wotsegula njira, womaliza wosasongoka ndi wofika pansi pa bowo, komanso ukamva kuti yagunda pansi usaonjezere mphamvu ngakhale pang'ono. Mabauti a flywheel anamanga ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, modumphitsa, osati paipi yoonjezera pa sipanala ija timaiona m'magalaja ambiri, anapakanso Loctite, guluu woletsa mabauti kumasuka.

Zosakoma zilipo ndithu. Pamalopo palibe pokhala, mthunzi ndi wa mtengo umodzi wa nimu ndipo tonse timalimbirana womwewo. Fumbi ndi lambiri, mphepo ikangoomba mchenga umalowa paliponse, ndinachita kupempha kuti giyabokosi yanga aiphimbe ndi thumba, zimenezi akanayenera kuchita okha. Foni sayankha akakhala pa ntchito, risiti salemba, ndipo magetsi akathima zonse zimaima poti jenereta yawo singakoke welding. Ngati muli pa changu muvutika nawo, sathamangitsidwa, ngakhale mutawauza kuti katundu akudikira ku msika wa Ngabu amangoti "dikirani achimwene, chitsulo chizizire."

Mtengo anatchula asanayambe ndipo sanasinthe ngakhale nati ija itaduka n'kuyambiranso. Ndinalipira pa Airtel Money, ndalama yake siyikufika ngakhale pa transipoti yokha yokweza injini ku Blantyre ndi kubwera nayo. Galimoto ikuyenda, yanyamula kale katundu wolemera mpaka ku Bangula, oilo sakudontha kumbuyo ndipo clutch sikunjenjemera.

Zikakuchitikirani, kaya ndi pa galimoto, chigayo kapena injini ya pampu ya kudimba, musalole aliyense kumenya ndi hamala kapena kuboola, ingophimbani bowolo ndi kansalu. Popita tengani theka la tapu lothyokalo komanso bauti imodzi yabwino kuti aone saizi ya mathiredi, ndipo mufike m'mawa kusanatenthe. Koma ngati yathyokera mkati kwambiri moti rodi singafike, akuuzani okha kuti pitani nayo ku Blantyre.