Tate Modern: ndinapita kukaseka penti, ndinathera pa benchi

Loweruka lapitali ndinali ofu ndiye mlamu wanga anandikoka kuti tiyeni ku Tate Modern, nyumba yoonetsera zojambula ku London, mukaone zojambula za azungu. Ine ndinavomera chifukwa kulowa ndi ulere basi, amalipiritsa ma exhibition apadera okha. Tinatsika pa siteshoni ya Blackfriars n'kuyenda pang'ono m'mbali mwa mtsinje wa Thames. Chinyumbacho ndi chachikulu zedi, kale munali makina opangira magetsi, anachitsegula ngati gallery mu 2000, ndipo mukangolowa muholo yoyamba ija mumadziona ngati nyerere.

Chomwe mlamu amafuna ndione ndi zimene amati abstract expressionism, kajambulidwe komwe kanatchuka ku New York cha m'ma 1940 ndi 1950. Mulibe munthu, mulibe mtengo, ngakhale kambuzi, ndi penti yekhayekha. Tinayambira kwa Jackson Pollock, chojambula chake cha 1948 chotchedwa Summertime: Number 9A, chachitali mamita oposa 5 koma chopyapyala ngati nsalu yosadula. Mkuluyu ankayala chinsalu pansi n'kumadontheza penti ndi kamtengo akuzungulira. Ine kuona koyamba ndinati alamu, izi ndi zomwe zimatsala pansi mapenta akamaliza nyumba eti? Anandiyang'ana moipa. Nditaima chapatali ndinayamba kuona kuti mizere yakudayo ikubwerezabwereza ngati anthu ovina atandanda, koma chilungamo chake Pollock sanandigwire mtima kwenikweni. Ndi bho, basi.

Koma Mark Rothko aise.

Chipinda chake magetsi ndi ochepa dala, ukalowa maso amayamba asokonezeka kaye. Zinsalu zikuluzikulu, zofiira moderako ngati magazi ouma, zina zakuda, zooneka ngati mazenera kapena zitseko zotseka. Nkhani yake ndi yomwe inandikhazika pansi. Mu 1958 anamupatsa ntchito yojambula zoti zikapachikidwe mu lesitilanti ya anthu olemera ya Four Seasons mu Seagram Building ku New York, ndalama zambiri ndithu, iye anajambula koma kenako anasintha maganizo n'kubweza ndalamazo, sanafune kuti anthu azidya nyama zodula atafulatira ntchito yake. Zisanu ndi zinayi anazipereka ku Tate ndipo zinafika ku London pa 25 February 1970, tsiku lomwelo limene iye anadzipha ku New York. Ndinamva tsembwe.

Ndinakhala pa benchi ya pakati poganiza kuti ndipumitse miyendo mphindi ziwiri, koma mukayang'anitsitsa mitundu ija imayamba ngati ikusuntha, chakuda chija chimatuluka kenako chimabwerera mkati, m'mphepete mwake simuli mowongoka muli ngati utsi. Sindinalire ayi, musandinamizire, koma ndinakumbuka usiku wa pa maliro a agogo, nthawi ija nyimbo zatha anthu angokhala chete moto ukuzilala. Mlamu anachita kundigwedeza paphewa kuti tiyeni kwada.

Chondinyansa chinali alendo anzanga. Munthu kulowa, foni m'mwamba, chithunzi, kutuluka, masekondi khumi osakwana. Nanenso ndinajambula kamodzi n'kutumiza pa gulu la WhatsApp la kwathu, achimwene anayankha kuti nde mwapita mpaka ku London kukaona khoma la undercoat? Sindikuwadzudzula, pa foni zimaonekadi choncho. Izi n'zofunika kuima nazo pafupi, zikuposeni msinkhu.

Muonenso cha Lee Krasner ngati chapachikidwa, Gothic Landscape cha 1961. Anali mkazi wake wa Pollock ndipo anajambula chimenechi mwamuna atamwalira pa ngozi ya galimoto mu 1956, mikwingwirima yake ndi yaukali, ine ndinachikonda kuposa cha bamboyo.

Musananyamuke yang'anani kaye pa webusaiti yawo chifukwa zojambulazi amazisuntha, za Rothko zinakhalapo ku Tate Britain, gallery yawo ina ya mu London momwemo, komanso amazibwereketsa kwina. Amatsegula 10 koloko m'mawa, fikani nthawi yomweyo anthu asanachuluke, Loweruka masana benchi ija mumachita kulimbirana. Nsapato valani zofewa. Ine ndikupereka 4 pa 5, imodziyo ndachotsera Pollock, ndipo ndibwereranso Lachiwiri ndekha opanda mlamu wondithamangitsa.