Chipatala cha IVF cha ku Joni: ntchito amaidziwa, koma polekera mudzadziikira nokha

Chimvekereni kuti ine ndi amuna anga tinkapita ku Johannesburg kukafuna mphatso, azimayi akhala akundikokera pambali, ena kutchalitchi ena kuntchito, n'kumafunsa monong'ona ngati chipatala cha IVF chija, komwe amaphatikiza dzira la mayi ndi mbewu ya abambo kunja kwa thupi kenako n'kuika mluza m'chiberekero, chimathandizadi. Ndati ndiyankhe pano kuti aliyense awerenge payekha. Dzina lake sinditchula chifukwa zina zomwe ndinene si zokoma. Chili kumpoto kwa mzindawu, n'chaukhondo kwambiri ndipo anthu ake ntchito amaidziwa. Ife tinabwerako manja lendelende, koma chimenecho sindikuwaimba nacho mlandu. Dandaulo langa lili pena.

Ndiyambe ndi zomwe zinandisangalatsa. Machubu anga anawapeza otseka konkuno kumudzi, atandijambula ndi makina aja othira mankhwala m'chiberekero, otchedwa HSG. Ndiye ndinapita ndikudziwa kuti vuto ndi ine. Adokotala sanafune kumva zimenezo. Anati sayamba chilichonse mpaka abambo nawonso apereke mbewu yawo kuti ikayezedwe. Kwathu kuno banja likakhala lopanda mwana, dzina loti chumba limagwera mkazi asanayezedwe n'komwe, pamene mwamuna akungoyenda mutu uli m'mwamba. Zotsatira zitatuluka, zinaoneka kuti mbewu ya amuna anga nayonso inali yochepa mphamvu, choncho anasankha njira ya ICSI, yomwe amatenga kambewu kamodzi n'kukabaya m'dzira mwachindunji. Mmene anawafotokozera abambowo, mosawachititsa manyazi, ndi chinthu chomwe ndidzachiyamikirabe.

Manesi ndiye golide wa pamalopo. IVF ndi jakisoni wa tsiku ndi tsiku, wodzibaya wekha pamimba kwa masiku 10 mpaka 12, kuti mazira akhwime ambiri nthawi imodzi. Ine munthu woopa singano, a Sisita wina anatenga bolopeni n'kujambula timizere tiwiri m'munsi mwa mchombo, anandigwira dzanja n'kunditsinitsa khungu, amvekere, "Mayi, musayang'ane singano, yang'anani chala changa." Jakisoni womaliza, wokhwimitsa mazira, ali ndi ola lake lenileni, chifukwa mazirawo amawachotsa patatha maola pafupifupi 36. Usiku umenewo anandiimbira foni kufunsa ngati ndabaya. Atamva kuti mankhwala ena tikawatengera kumudzi pa basi, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi kutentha kwa ku Tete kuja, anatipezera kabokosi kozizira, n'kutichenjeza kuti tikafika tisadalire firiji yokha ngati magetsi amathimathima.

Pa ndalama pamafunika maso. Pepala loyamba lomwe amakupatsani limaoneka ngati mtengo wonse, koma mankhwala obaya sali pomwepo, dokotala wogonetsa ali ndi bilu yake, ICSI ndi yapadera, kusunga miluza mu chisanu nakonso n'kolipira pakokha. Onjezanipo malo ogona ndi thiransipoti. Mmalawi amaloledwa kukhala ku South Africa masiku 30 opanda visa, ndipo msambo ukachedwa pang'ono masikuwo amatha uli pakati pa mankhwala. Ife zinatipeza kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama zomwe tinasunga n'kusanduka zosakwana, kubanki nako ma rand akusowa. A ku ofesi ya ndalama ndi aulemu ndithu, koma sakuuzani chomwe simunafunse.

Tsopano pa nkhani yeniyeni. Akaika mluza m'chiberekero umadikira pafupifupi milungu iwiri, kenako n'kuyezetsa magazi. Zikakanika, foni yachipepeso imabwera mwachangu, ndipo mawu achiwiri pambuyo pa pepani amakhala a tsiku loyambiranso. Ulendo uliwonse zinali choncho. Kukumana ndi adokotala pambuyo pa kulephera kunali kwa mphindi zochepa, ndipo nthawi zonse pamakhala kachinthu katsopano koti tiyese: kukanda pang'ono khoma la chiberekero, kapena madzi ena omwe amati amamatitsa mluza. Chilichonse ndi mtengo wake. Bungwe loyang'anira zipatala zotere ku Britain, la HFEA, limasindikiza mndandanda wa zoonjezerazi, ndipo zambiri zilibe umboni wokwanira woti zimaonjezera mwayi wobereka mwana. Palibe anatiuza zimenezo pachipatalapo. Sananame, ayi. Amangoti "ena zimawathandiza," ndipo munthu wosweka mtima mawu amenewo amamukwanira kukagulitsa poloti.

Ngakhale manambala omwe ali pachikwangwani cha polandirira alendo, muwawerenge modekha. Amakamba za amene anaima, osati amene anatuluka ndi khanda m'manja, komanso amasakaniza atsikana ndi ife akuluakulu. Ine ndinayamba ndili ndi zaka 39, ndipo 40 inandipeza ndili m'kati. Kafukufuku wamkulu wa ku Britain, yemwe anatuluka m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2015 ataona azimayi oposa 150,000, anapeza kuti ulendo woyamba pafupifupi 30 mwa 100 ankabereka, ndipo pofika ulendo wachisanu ndi chimodzi chiwerengero chonse chinkafika cha m'ma 65. Apa pali chilimbikitso chenicheni kwa mtsikana yemwe walephera kamodzi kapena kawiri: asataye mtima msanga. Koma kwa azaka 40 mpaka 42, ulendo woyamba unali wa 12 mwa 100 basi, ndipo opitirira 42 ogwiritsa ntchito mazira awo sankafika ngakhale 4. Ku England komweko, malangizo a mu 2013 a NICE, bungwe lolangiza pa zaumoyo, anati wosakwana zaka 40 apatsidwe maulendo atatu, wa 40 mpaka 42 umodzi. Chipatala chodziwa ntchito ngati chimenechi manambalawa chimawadziwa bwino kuposa ine. Chinayenera kutiyalira patebulo tsiku loyamba, n'kutifunsa kuti tikufuna kudzalekera pati.

Amene anatifunsa funso limenelo ndi mayi wa uphungu, yemwe kachipinda kake kali kumapeto kwa khonde ndipo kumuona n'kolipira pakokha. Palibe anatitumizako, ndinachita kuona dzina pachitseko. Anali mayi wachikulire, wosathamanga polankhula. Anayamba ndi amuna anga, kuwafunsa ngati iwo akufunadi kupitiriza. Abambowo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati akhala akupitiriza chifukwa choopa kuti ndingaganize kuti atopa nane. Ine ndinkapitiriza poopa kuti iwo aziti ndawamana mwana. Tinkagona bedi limodzi, kubwereka ndalama kubanki limodzi, koma zimenezi sitinauzanepo. Mayiwo anatifunsanso za ngongole, za thupi langa lomwe linali litatupa ndi mankhwala, za ntchito yomwe ndinkangopempha tchuthi. Sanatiuze kuti tisiye. Anati tikalembe papepala, aliyense payekha, malire a ndalama ndi mwezi womwe sitidzadutsa, kenako tifanizire.

Anatifotokozeranso za mazira ochokera kwa mayi wina, zomwe ku South Africa n'zololedwa, ndipo mwayi wake umatengera msinkhu wa woperekayo osati wa wolandira. Kwa mayi wa zaka zanga imeneyo ndi njira yomwe ili ndi chiyembekezo chenicheni. Tinaiganizira kwambiri. Makolo athu ankadziwa kulowetsa fisi mwakachetechete vuto likakhala la mwamuna, ndiye sindinganene kuti nkhani ya mbewu ya wina ndi yachilendo kwa ife. Koma kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mtima wanga sunakhazikike poganiza zodzabisira amalume ndi mbumba yonse moyo wanga wonse. Wina akhoza kuona mosiyana, ndipo sindingamuweruze. Ife tinalekera pomwepo. Apongozi anga tinawauza tonse awiri, amuna anga ndi amene anayamba kulankhula, n'kunena poyera kuti vuto linali la tonse.

Kodi ndingamuuze mnzanga kuti apite? Ngati machubu ndi otseka kapena mbewu ya abambo ndi yofooka, ndipo zaka zikadali kumbali yake, apite ndithu, asataye zaka kwa asing'anga ndi mapemphero a usiku okha, chifukwa pa IVF chaka chilichonse chimawerengedwa. Koma akafika apemphe mtengo wa zonse wolembedwa, afunse kuti mwa azimayi a msinkhu wake ndi angati anabereka mwana wamoyo pachipatalapo, ndipo akaonane ndi mayi wa uphungu asanabaye jakisoni woyamba, mtima usanayambe kulamula thumba. Chilichonse choonjezera chomwe angamupatse, afunse umboni wake.

Fayilo yathu anatipatsa mosavuta titaipempha, yonse yathunthu, ndipo apo ndiwayamike. Chomwe sanachite ndi kutichotsa pa mndandanda wa mauthenga. Patapita miyezi titasiya, foni yanga inkalandirabe zithunzi za makanda ndi uthenga wa mtengo wotsitsidwa wa ulendo wina. Zinatheka amuna anga atachita kuwaimbira okha, mawu atakwera.