Madzi otsukira mkaka: dziwe la ndere kapena thanki ya bayogasi?

Malo opangira mkaka amatulutsa madzi oyera mbee, odzaza mafuta, shuga wa mkaka, nayitirojeni ndi fosiforasi. Akalowa mu mtsinje wa Mukuvisi kapena wa Marimba, ulendo wake ndi wa ku Lake Chivero, komwe ambiri a mu Harare timamwa, ndipo nyanjayo yabiriwira kale ndi ndere ndi namasupuni.

Pa njira ziwiri zoyeretsera madziwa, thanki yotseka ya bayogasi siivuta. Tizilombo timaoletsa zonyansazo popanda mpweya, n'kutuluka gasi amene woposa theka lake ndi methane, wophikira kapena wotenthetsera madzi magetsi akazima. Imatenga malo ochepa. Koma nayitirojeni ndi fosiforasi zimatsala m'madzimo, ndipo ndi zimenezi zikudwalitsa Chivero.

Dziwe la ndere ndilo limandikoka mtima. Limakhala losaya, masentimita 30 basi, kuti dzuwa lifike pansi, ndipo gudumu lopalasa limayendetsa madzi pang'onopang'ono usana ndi usiku. Ndere zimadya nayitirojeni ndi fosiforasi zija n'kutulutsa okosijeni, amene amathandiza tizilombo kumaliza ntchito. Ukatunga m'botolo n'kuyang'ana kudzuwa, madziwo ndi obiriwira bii. Vuto ndi kukolola, poti nderezo n'zazing'ono kwambiri, kusefa kumadya ndalama. Malonso amafunika aakulu, ndipo kuzizira kwa June ndi July kumachedwetsa kukula. Madzi akakhala a mkaka wambiri, dzuwa sililowa.

Kwa alimi a m'mbali mwa mzinda omwe ali ndi malo, ine ndingati ayambe ndi thanki, madzi otulukamo apite kudziwe, ndere zokololedwa zibwerere m'thanki kukawonjezera gasi. Fakitale ya ku Workington, dera la mafakitale mu Harare komwe malo ndi opanikizana, thanki yokha ndiyo ingakwane.