Ndemanga ya RAM ya DDR4-3200 (2x8GB) nditaigwiritsa ntchito miyezi isanu

Ine ndimakonza mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Chilomoni. Kompyuta yanga ili ndi purosesa (CPU) ya AMD Ryzen 5 3600 pa motherboard (bolodi lalikulu lolumikiza zida zonse) ya B450. RAM iyi, yomwe ndi memori yosungiramo zinthu kwakanthawi kompyuta ikamagwira ntchito, ndinaigula mu Juni pashopu ina ku Limbe, ndipo pabokosi panalembedwa kuti liwiro 3200, CL16 (kanthawi kamene imadikira isanayankhe), magetsi 1.35V.

Nditaiika, Task Manager ya mu Windows inaonetsa liwiro la 2133 basi. Mtima unandipweteka, ndinkangoti andigulitsa zachinyengo. Nditamuimbira mnyamata wa pashopupo, anandiyankha mofatsa kuti, "Achimwene, lowani mu BIOS muyatse XMP." Ananenadi zoona: BIOS ndi pulogalamu yoyamba kutseguka mukayatsa kompyuta, momwe mumasinthira kayendedwe ka zida zake, ndipo XMP ndi imene imachititsa RAM kuyenda pa liwiro lolembedwa pabokosi. DDR4 imayamba ndi liwiro lotsika pa 1.2V mpaka mwini wake atayatsa zimenezi. Anandikumbutsanso kuti ndiisunthire m'mipata ya A2 ndi B2, wachiwiri ndi wachinayi kuchokera pa CPU, chifukwa ine ndinali nditaika mu woyamba ndi wachitatu. Kuchokera tsikulo inayenda bwinobwino pa 3200.

Mavuto ndinawaputa ndekha mu Okutobala. Ndinakweza liwiro la RAM kufika pa 3600 osasintha china chilichonse. Windows inatseguka, masiku awiri ntchito ikuyenda, ine nkumati zatheka. Tsiku lachitatu masana, dzuwa likuswa mtengo, malata akuchita kulira ndi kutentha, ndinkamalizitsa vidiyo ya ukwati ya maola awiri. Itatsala pang'ono kutha, sikirini yonse inasanduka ya buluu, pansi palembedwa MEMORY_MANAGEMENT. Mayi a mkwatibwi anali atandiimbira kale kawiri m'mawa womwewo. Chimene chinandiopsa kwambiri ndi fayilo ina imene ndinasunga dzulo lake: inakana kutseguka. RAM yosakhazikika imaononga zinthu mwakachetechete, iwe osadziwa.

Poyesa kukonza ndinasokonezanso manambala, kompyuta nkukaniratu kuyaka, mafani okha akuzungulira. Ndinazula chingwe cha magetsi, nkuchotsa kabatire kozungulira ka CR2032 kwa mphindi zingapo, BIOS nkubwerera mwakale.

Apa mpamene ndinaika MemTest86, pulogalamu yoyesera ngati RAM ikulakwitsa, pa fulashi. Pa 3600 CL16 zolakwika zinatuluka isanamalize nkomwe ulendo woyamba. Ndinamasula ma timing (nthawi zodikira za RAM) kufika pa CL18, nkuonjezera magetsi a RAM kufika 1.38V, komanso kusintha mbali ya purosesa kuti iyendere limodzi ndi RAM. Ndinkasintha chimodzi, kuyesa, nkulemba m'kope. MemTest86 yaulere imazungulira maulendo anayi, ndipo imatenga maola. Usiku woyamba magetsi anathima pakati pake, ndinayambiranso mawa lake. Ndinapukutanso fumbi lomwe linali litamatirira pa mafani ngati thonje.

Pomaliza inadutsa maulendo onse anayi popanda cholakwika. Koma nditayerekeza nthawi yomalizira vidiyo imodzimodziyo, kusiyana kwa 3600 CL18 ndi 3200 CL16 kunali kochepa zedi, kosayenera kuikira ntchito ya anthu pachiswe. Ndinabwerera pa 3200, yomwenso ndi liwiro limene AMD inavomereza pa purosesa imeneyi.

Ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Zimene inalonjeza pabokosi imachitadi, ndipo chibwerereni pa 3200 sinandigwetsepo ngakhale kamodzi. Nyenyezi imodziyo ndachotsa chifukwa m'bokosi munalibe ngakhale kapepala konena za XMP. Mnzanga wina ku Ndirande anagula yofanana nayo, ndipo nditapita kukamuonera sabata yatha ndinapeza kuti yakhala ikuyenda pa 2133 chaka chathunthu.