Bearing yakutsogolo ikayamba kulira: yeniyeni, yakaunjika kapena yotchipa ija?

Mvula ikangotha, misewu ili maenje okhaokha, anzanga a Vitz, Sienta ndi Corolla amabwera ndi funso lomwelomwelo: tayala likulira, ndigule iti? Ndiyankhe kamodzi pano.

Musanatulutse ndalama, tsimikizani kaye kuti ndi bearing, chitsulo cha timipira chomwe tayala limazungulirapo. Phokoso lake limakula mukamathamanga, ndipo limasintha pokhota. Likakula mukukhotera kumanja, kawirikawiri yatha ndi yakumanzere, chifukwa kulemera kwa galimoto kwatsamira uko. Ikwezeni pa jeke, gwirani tayala pamwamba ndi pansi, gwedezani. Likamagwedera, ndi bearing kapena ball joint, mfundo ya pansi pa mwendo wa tayala. Likagwedera mutaligwira m'mbali, kayikirani tie rod end, mfundo yolumikiza chiwongolero ku tayala. Tayala lodyeka mosagwirizana nalonso limalira chimodzimodzi, choncho sinthanitsani akutsogolo ndi akumbuyo mumve ngati phokoso lasamuka.

Zogula zilipo zitatu: yatsopano ya kampani zodziwika monga Koyo, NSK, NTN kapena SKF, yatsopano yotchipa yopanda dzina lomveka, ndi knuckle (chitsulo chomwe bearing imakhalamo) yathunthu yakaunjika, yochotsedwa pa galimoto yophwasulidwa, bearing ndi hub (pomangira tayala) zili momwemo.

Pa mtengo wa pashelefu yotchipa yapambana, palibe chokambirana. Koma mtengo wa pashelefu ndi theka la nkhani. Pa zambiri mwa galimoto izi bearing yakutsogolo simangidwa ndi mabawuti, imakanikizidwa mu knuckle ndi makina a press. Ndiye kuti mulipira amakaniko kumasula mwendo wonse, mulipiranso pa press, ndipo mwendo ukabwerera pamafunika alignment, kuwongola matayala kuti aloze bwino. Ndalama zimenezi n'zofanana kaya bearing ndi yabwino kaya ndi yoipa, ndipo ikafa msanga mumazilipiranso zonse. Wogulitsa sakuuzani zimenezo.

Apa ndi pamene ndili ndi mangawa. Sitolo ina inandigulitsa bearing m'bokosi lolembedwa Koyo, pa mtengo wa yeniyeni. Mvula yotsatira isanagwe, kulira kunali kutabwerera. Amakaniko atayitulutsa, girizi anali wochepa, mkati mutalowa madzi, zilembo za pachitsulo zosaoneka bwino. Nditabwerera nayo kusitolo yankho linali lakuti katundu woikidwa kale sabwezedwa. Nanga bearing mungaidziwe bwanji musanaiike? Zabodza zovala mabokosi a kampani zazikulu zachuluka moti opanga ma bearing, kudzera m'bungwe lawo la World Bearing Association, anatulutsa pulogalamu ya pafoni yothandiza kutsimikizira katundu. Kwa ine yotchipa yovomera kuti ndi yotchipa ili bwino kuposa yabodza, chifukwa siikubera kawiri. Koma zonse ziwiri sindiziikanso pa galimoto yoyenda mu M1 itanyamula ana.

Yeniyeni nayo imafa msanga ikagwa m'manja olakwika. Galaja yopanda press imakhomera ndi hamala, ndipo kumenyako kumasiya timabala m'njira ya timipira ta mkati. Imayamba kulira ikadali yatsopano. Ma bearing ena a galimoto za ABS (mabuleki oletsa matayala kukwakwaza) ali ndi maginito mbali imodzi, yomwe iyenera kuyang'ana ku sensa. Akaitembenuza, nyale ya ABS imayaka, ndipo poitulutsa nthawi zambiri imawonongeka. Nati ya axle nayo imafuna torque wrench, sipanala yoyeza kulimba kwa nati, osati kupondera paipi ndi phazi. Funsani za press musanasiye kiyi.

N'chifukwa chake knuckle yakaunjika sindiinyoza ngati mmene ena amachitira. Ngati sinasinthidwepo, bearing ya mkatimo inaikidwa kufakitale, hamala sinaikhudze, ndipo ndalama ya press simulipira. Vuto lake n'lakuti simudziwa yayenda mtunda wotani, kapena yakhala pamvula nthawi yaitali bwanji. Izungulitseni ndi dzanja pomwepo: ikamakhwekhwereza kapena kugwedera, isiyeni. Onetsetsaninso kuti malo a sensa akufanana ndi anu, poti Vitz ili ndi mibadwo ingapo.

Kumbuyo nkhani ndi yaifupi. Pa zambiri mwa galimoto izi hub imabwera yathunthu, ya mabawuti anayi, ndiye gulani yabwino basi.   Ball joint ndi tie rod end ndimatenga za mtundu wa 555, ngakhale nazonso zili ndi zabodza zake.

Ndiye ndikusankha chonchi. Ngati muli ndi sitolo yopereka lisiti yokhala ndi nambala ya part, komanso galaja ya press, tengani NSK, NTN, SKF kapena Koyo yeniyeni. Chimodzi mwa ziwirizi chikasowa, knuckle yakaunjika yozungulira mwakachetechete ndiyo ndingaike pa galimoto yanga. Yotchipa ija ndi yongokufikitsani kunyumba mukafera kutali ndi tauni, ndipo mukafika muichotse.