Anabwera ndi mabokosi 6 okha, koma mawu a ankhoswe anamveka mpaka kukhomo

Pa ukwati wa mwana wa mchemwali wanga, umene unachitikira kuno ku Zomba mwezi wa Okutobala, a kubanja anandisankha kukhala tcheyamani wa komiti. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo nkhonya yoyamba inachokera ku nkhani ya zokuzira mawu.

Tinali ndi magulu awiri oti tisankhepo. Loyamba linalonjeza mabokosi a masipika 12, ndipo mwini wake anatiuza pafoni kuti akayatsa zida zake ngakhale anthu a ku Chinamwali adzavina nawo. Lachiwiri linali la anyamata a ku Limbe. Mkulu wawo anakana kutchula mtengo asanaone holo, ndipo atautchula unali pafupifupi kawiri wa anzakewo, pa mabokosi 6 okha. Alamu anga anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Atcheya, tikulipira masipika kapena nkhope za anthu?"

Ine ndinakakamira a ku Limbe chifukwa cha zomwe ndinaona pa chinkhoswe cha mwana wanga zaka zitatu zapitazo. Tsiku limenelo mabokosi anaunjikidwa ngati njerwa za pa uvuni, maiki inkalira tswiii nthawi iliyonse wina akafuna kuyankhula, ndipo perekani-perekani ali pakati tinamva fungo la chinthu chopserera. Kuyambira pamenepo nyimbo zinkamveka ngati woimbayo walowetsa mutu mumtsuko. Chikomekome cha mkuyu, ndithu. Dzina la anyamata a ku Limbewa sindilitchula pano, chifukwa pamodzi ndi kuwayamikira ndili nazo zowadandaulira.

Ndiyambe ndi ulendo wodzaona holo, poti ndi umene unandigonjetsa. Mkulu wa gululi, mnyamata wosapitirira zaka 30, anabwera pa minibasi Lachitatu atanyamula tepi yoyezera ndi multimeter, kachida kopimira magetsi, m'chikwama. Holoyo ndi ya pasukulu, denga la malata lopanda siling'i, pansi pa simenti, mawindo agalasi mbali zonse. Anayeza n'kupeza mamita 32 m'litali ndi 14 m'lifupi. Kenaka anaima pakati n'kuwomba m'manja kamodzi, phwa, n'kukhala chete akumvetsera momwe phokosolo likubwererera kuchokera kumakoma. Anachita zimenezi malo atatu. Mlonda wa pasukulupo ankangomuyang'ana ngati munthu wobwebweta.

Mafunso ake anali akuti: anthu adzakhala angati? Akwati adzakhala pati? Beseni la ndalama lidzaikidwa pati, ndipo MC wanu ndi woima malo amodzi kapena woyendayenda? Anapima masoketi onse n'kupeza kuti awiri a pafupi ndi nsanja alibe earth, waya uja woteteza anthu kuti asagwidwe ndi magetsi, n'kunena kuti amenewo sadzalumikizapo kanthu.

Ine ndimaphunzitsa Physics ku sekondale, ndipo nkhani ya mafunde a mawu ndaijambula pa bolodi zaka zoposa 20. Komabe zomwe mnyamatayu anachita ndi mfundo zomwezo sindinaziganizirepo. Aliyense amene anakhoza phunziroli akudziwa kuti pabwalo, mtunda wochokera pa sipika ukawonjezeka kawiri, mawu amatsika ndi ma decibel 6 (decibel ndi muyezo wa kukula kwa phokoso). Kuchoka pa mamita 2 kufika pa 32 ndi kuwirikiza kawiri maulendo anayi, kutanthauza ma decibel 24. M'holo mawu satsika motero chifukwa makoma amawabweza, koma obwezedwawo ndi chiphokoso chabe, mawu ake osamveka mutu. Ndiye anthu ambiri a zokuzira mawu amaunjika zonse kutsogolo n'kukweza mpaka wa kumbuyo amve. Wa kumbuyoyo amamva kulindima, pamene agogo okhala mzere woyamba akutseka makutu ndi nsalu.

Iye anati ayi. Masipika awiri a pamwamba anawaimika kutsogolo pa zitsulo, pamwamba pa mitu ya anthu, atawaweramitsa pang'ono kuti aloze mipando, asaloze malata kapena khoma la kumbuyo. Ma sub awiri, a mabesi aja, anawaika pansi patsogolo pa nsanja. Awiri otsalawo anakawaimika pakati pa holo, mamita 17 kuchokera kutsogolo, kuti atumikire a kumbuyo popanda kukuwa.

Apa m'pamene ndinamufunsa dala, ngati ndikufunsa mwana wa Fomu 4. Magetsi m'waya amafika nthawi yomweyo, koma mawu mumpweya amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Wokhala kumbuyo sadzamva mawu amodzi kawiri, poyamba a sipika ya pafupi kenaka a kutsogolo?

"Aphunzitsi, n'chifukwa chake a pakatiwa timawachedwetsa," anatero. "Mita iliyonse ndi ma millisecond pafupifupi 3. Pa mamita 17 ndiika 50, kenaka ndimvetsera."

Ndinawerengera pa foni, 17 kugawa ndi 343, n'kupeza masekondi 0.0496, omwe ndi ma millisecond pafupifupi 50. Ndinangoti, "Achimwene, pitirizani."

Zonsezi ankazichita pa kabokosi ka Behringer DCX2496, komwe kali ndi potulukira mawu 6, ndiye sipika iliyonse inali ndi njira yakeyake. Kabokosi komweko ndi kamene kamagawa mawu: otsika kwambiri, a pansi pa 100 Hz, kupita ku ma sub, otsalawo kupita kumasipika a pamwamba. Anafotokoza kuti sipika yaing'ono ukaipatsa mabesi onse imangovutika n'kutentha, ngati kusenzetsa mwana thumba la fetereza pamene abambo ake ali chiimire.

Loweruka m'mawa ife tili ku tchalitchi, iwo anali akukonza mawu m'holo. Ine ndinazemba pambuyo pa malumbiro kukaona, ndipo ndinapeza mmodzi akuyenda ndi maiki ya Shure SM58 paliponse pomwe MC adzapondepo, akungoti "wani, thu, wani, thu". Mkulu uja ankakweza pang'onopang'ono mpaka maiki itayamba kulira, n'kupeza malo a kulirako pa equalizer, chida chokweza kapena kutsitsa mbali imodzi yokha ya mawu, n'kutsitsa pomwepo pokha. Anachita choncho kangapo. Pa maiki iliyonse anadulanso mawu otsika kwambiri, aja amapangitsa kuti munthu akatchula "p" holo yonse imve ngati wamenya ng'oma. MC atafika anamukokera pambali n'kumupempha zinthu ziwiri: asagwire maiki kumutu kwake ngati akufinya chimanga, poti kutseka mabowo a kumbuyoko n'kumene kumaiyambitsa kulira, ndiponso asaime kutsogolo kwa sipika. MC anaiwala kangapo, monga amachitira onse, koma maiki inangoti tswi kamodzi kokha tsiku lonse.

Chomwe ndinalipirira ndinachiona pa nthawi ya malankhulidwe. Ankhoswe a kuchimuna ndi bambo okalamba a mawu apansipansi, oyankhula ngati akudzinong'oneza okha. Ndinanyamuka dala n'kukaima pakhomo la kumbuyo, pamene amayi a kukhitchini ankasuzumira. Mawu awo onse ndinawamva, mpaka kanthabwala kawo ka ng'ombe, ndipo amayiwo anaseka limodzi ndi a kutsogolo. Pa maukwati ambiri a kumbuyo amaseka mochedwa, atafunsa anzawo kuti "ati bwanji?"

Cha m'ma 3 koloko magetsi anazima. Apa ndipamene tinakangana nawo pang'ono. Jenereta anabwera ndi yawo, koma sanailumikize msanga. Anayamba azimitsa ma amplifaya onse, zida zopatsa masipika mphamvu zija, n'kuliza jenereta, n'kuisiya ilire payokha kwa kanthawi, n'kupima kuti aone ngati ikupereka ma volt 230 pa 50 Hz monga magetsi a m'dziko muno. Kenaka anayatsa mikisa, chida cholumikizapo ma maiki ndi nyimbo, n'kutsatiza kabokosi kaja, ma amplifaya pomalizira penipeni. Ine ndinali nditaima pambali ndikuyang'ana wotchi, akuchikazi akundiyang'ana ine. Zinatenga mphindi ngati 5. Lamulo lake ndi lakuti amplifaya imayatsidwa pomaliza ndipo imazimitsidwa poyamba, chifukwa zida zinazo zikamayaka zimatulutsa kaphokoso kakuti thu, ndipo amplifaya ikakhala yoyaka kale imakakuza n'kukaponya m'sipika.

Amayi ophika anabwera ndi chingwe chawo kuti alumikize filiji ya zakumwa ndi ketulo yaikulu pa jenereta yomweyo. Anakana. Azakhali anga anamulalatira kuti ndi wamwano, iye n'kungoyankha mwaulemu kuti, "Mayi, pepani, filiji ikamayamba kulira imakoka magetsi ambiri nthawi imodzi, ndipo zida zangazi zimva kugwedezekako." Fanta tinamwa wofunda. Pa zimenezi ndili kumbali yake, ngakhale azakhali mpaka lero samutchula bwino.

Mkangano wachiwiri unali wa DJ. Ameneyu sanali wa gulu lawo, anali msuweni wa mkwati amene anadzipereka yekha ndi laputopu yake. Perekani-perekani atafika pa anzake a mkwati a kuntchito, mnyamatayo anakankha zonse mpaka kumapeto, timagetsi ta pa kamikisa kake tonse tili psuu. Mawu sanakwere kupitirira pomwe anali. Anapita kukadandaula kuti zida zilibe mphamvu, n'kupeza kuti bokosi la ma amplifaya ndi lokhoma ndi loko, kiyi ali m'thumba la mwini wake.

Chomwe chinamuletsa ndi limiter, imene imaika malire kuti mawu asadutse pamene sipika ingapirire. Pambuyo pake mkulu uja anandifotokozera chimene chinapha masipika a pa chinkhoswe chija, ngakhale iye kunalibe. Amplifaya ukaikakamiza kupitirira mphamvu zake imadula nsonga za mafunde, ndipo kagetsi kofiira kolembedwa kuti clip kamayaka. Mafunde odulidwawo amatenthetsa kawaya kopyapyala ka mu twita, kasipika kakang'ono ka mawu okwera kaja, mpaka kapse. Twita ikafa, otsala ndi mawu a mumtsuko aja. Anawonjezera kuti mabokosi ambiri pa amplifaya imodzi ndi msampha winanso: awiri a ma ohm 8 (ohm ndi muyezo wa mmene sipika imatchingira magetsi) ukawalumikiza pamodzi amakhala 4, anayi amakhala 2, ndipo ma amplifaya ambiri pamenepo amatentha n'kudzizimitsa okha kapena kupsa kumene. Masamu amenewo ndimawapereka pa mayeso chaka chilichonse, koma sindinawaganizire pamene tinkawerenga mabokosi 12 aja mu komiti.

Analinso ndi kachida koyezera phokoso patebulo pake. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa muyezo m'chaka cha 2022 wakuti pa malo a zisangalalo phokoso lisapitirire ma decibel 100 poyerekeza pa mphindi 15 zilizonse, ndipo iye anati pa ukwati, pomwe pali makanda ndi agogo, sakonda n'kuyandikira komwe pamenepo. Anthu anavina ndithu, mabesi ankamveka m'chifuwa, ndipo beseni linadzadza. Ndinafika kunyumba makutu asakulira, zimene pa maukwati a masiku ano n'zachilendo.

Tsopano zodandaula zanga, zomwe ndinawauzanso pamaso.

Ndalama ya galimoto yonyamula zida kuchoka ku Limbe sanaitchule pa mtengo woyamba. Inatulukira Lachisanu madzulo, msungichuma atatseka kale buku, ndipo ndinaipereka ya m'thumba mwanga. Mtunda wa Limbe ndi Zomba sunasinthe pakati pa Lachitatu ndi Lachisanu, ndiye panalibe chifukwa choibisira. Mabatire a maiki yopanda waya anatha pakati pa mwambo wodula keke ndipo analibe ena, mpaka tinatuma mwana pa kabaza kukagula. Munthu amene amakumbukira kupima earth ya soketi sayenera kuiwala mabatire. Chachikulu ndi chingwe chopita ku masipika a pakati aja. Mbali ina anachimata pansi bwinobwino, koma pakhomo la m'mbali tepi inawathera n'kuchisiya chili pululu. Agogo ena a kuchimuna anakodwa nacho n'kugwira mpando, pang'onong'ono akanagwa pa simenti. Mnyamata wawo anathamanga n'kuyalapo kapeti, koma zinayenera kuchitika m'mawa.

Komanso mkulu wawoyo si munthu wa nthabwala. Amene mukufuna woseka nanu, wovomera chilichonse chomwe komiti yanena, mudzakhumudwa. Tebulo la akwati analisunthitsa mita imodzi kuti likhale kumbuyo kwa masipika, ndipo amayi okongoletsa holo anachita kumasula nsalu zomwe anali atamanga kale. Anang'ung'udza mpaka madzulo.

Kwa amene mwambo wanu uli pabwalo laling'ono, anthu 50, nyimbo zongokometsera, anyamatawa akudyerani ndalama pachabe, sipika ziwiri za kwa neba zikwanira. Koma holo yaitali ya malata, yokhala ndi malankhulidwe amene mukufuna kuti anthu awamve, ndingawaitanenso, nditalembetsa papepala ndalama ya galimoto ndi mabatire.

Titamaliza kusesa, alamu anga aja anapita pomwe anyamatawo ankakulunga zingwe. Ndinaganiza kuti akukawakumbutsa za mtengo. Ndinawamva akufunsa ngati mwezi wa Disembala ali ndi Loweruka lopanda ntchito, poti mwana wawo wamkazi wabweretsa munthu kunyumba.