Maphunziro a Loweruka pa Chitakale: funso limodzi, zilankhulo zinayi

Aka n'kachitatu ndikupita Loweruka ku kachipinda kophunzitsira makompyuta pa Chitakale, kuseri kwa mashopu, chifukwa ndikukonzekera intavyu ya ntchito ku Blantyre. Malipiro a maphunzirowa safika ndalama ya minibasi yopita ku Limbe n'kubwerako.

Tsiku loyamba aphunzitsi sanatilole kukhudza kompyuta. Anatipatsa pepala ndi funso lotchedwa FizzBuzz: lembani manambala kuyambira 1 mpaka 100, koma pa nambala yogawika ndi 3 muike Fizz, yogawika ndi 5 muike Buzz, yogawika ndi zonse ziwiri muike FizzBuzz. Ndinamaliza msanga. Iwo anangoika chala pa 15. "Achemwali, apa pulogalamu yanu ilemba chiyani?" Inkalemba Fizz basi. Ndinali nditayamba ndi kufunsa za 3, ndiye za 15 sinkafikako n'komwe. Funso la 15 liyenera kukhala pamwamba.

Chimene chandikoka mtima n'chakuti funso lomweli analibwereza m'zilankhulo zinayi zolembera mapulogalamu a kompyuta: Python, JavaScript, Java ndi C. Mu Python ndinalemba range(1, 100) ndipo manambala anathera pa 99, popeza Python sawerengera nambala yomaliza; pamafunika 101. Mu JavaScript anatizoloweza kuyerekeza ndi === osati ==. Mu Java tinayamba ndi kulemba mawu otsegulira pulogalamu, class ndi public static void main, tisanalembe chilichonse chanzeru, moti mnzanga wa ku Limbuli anadandaula kuti dzanja latopa ntchito isanayambe. Mu C tinaiwala \n, chizindikiro choyambitsa mzere watsopano, mu printf, lamulo loonetsera zolemba pa sikirini, manambala onse n'kumatana pamzere umodzi ngati nyerere. Koma chizindikiro cha %, chopezera zotsala ukagawa, sichinasinthe monsemo, ndipo nditaona zimenezo mantha a chilankhulo chachilendo anandichoka.

Amatiuzanso kuti tizilankhula mokweza polemba, chifukwa wofunsa pa intavyu amafuna kumva mmene mutu ukuyendera. Poyamba zimachititsa manyazi, koma zimathandiza.

Chondidandaulitsa chilipo. Makompyuta ndi anayi okha, ife tilipo asanu ndi anayi, ndipo imodzi batani la semikoloni (;) linafa, pamene C ndi Java sizingayende popanda iyo. Sola palibe. Sabata yatha kunagwa chiperoni, magetsi anazima, tinamalizira pa bolodi tikunjenjemera. Amene muli ndi laputopu, bwerani nayo yotchaja kale.

Loweruka likubwerali akuti titembenuza mawu kuyambira kumapeto popanda kugwiritsa ntchito reverse, lamulo lokonzedwa kale lochitira zimenezi. Ndalipira kale.